MAWU OYENDA M'MLENGALENGA: WAILESI NDI ALIMI A KU CHINGULUWE

Dzuwa likapendeka ku Chinguluwe, m'boma la Salima, kutentha kwa masana kumayamba kuzirala ndipo anthu amatuluka m'nyumba kukakhala pabwalo. Pa khonde lina pamamveka nkhani za madzulo, pa khonde lina nyimbo zauzimu, ndipo pa golosale anyamata amakhala ataunjirira foni imodzi kumvetsera mpira umene ukuseweredwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mawu onsewa amafika m'mudzimo popanda chingwe ndiponso popanda mthenga woyenda pansi. Anthu anazizolowera zimenezi kotero kuti ndi ochepa amene amafunsa za njira imene mawuwo amadzera. Komatu funsoli ndi lofunika, pakuti mlimi amabzala, amapopera mankhwala ndi kugulitsa zokolola zake potsata zimene wamva, ndipo chimene wamvacho chikakhala cholakwika, banja lake ndilo limagona ndi njala.

Alendo pa sikimu ya thonje

Chinguluwe ali kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Salima, m'chigwa chotentha chimene chili pakati pa mapiri a Dowa ndi nyanja ya Malawi, kufupi ndi malo ofufuzira za ulimi a Chitala. M'chaka cha 1968 boma linayamba ntchito yaikulu yotukula dera la m'mphepete mwa nyanja m'chigawo chapakati, ndi thandizo lochokera ku dziko la West Germany. Ntchitoyo inalambula misewu, inakumba mijigo, inamanga misika, ndipo inkakongoza alimi mbewu, mankhwala ndi ng'ombe zolimira. Mbewu imene inali patsogolo pa zonse ndi thonje, motsatidwa ndi chimanga ndi mtedza.

Pa sikimu ya Chinguluwe minda inayezedwa ndi kugawidwa kwa anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena mwa iwo achinyamata amene anaphunzira ulimi m'bungwe la Malawi Young Pioneers. Panakhazikikanso alimi osaona, amene anaphunzitsidwa kulima ndipo anapatsidwa minda yawoyawo. Anthu otere anali alendo. Abale awo anali kutali, kalata inkatenga masiku kuti ifike, ndipo telefoni inali ku positi ofesi ndi ku maofesi a boma kokha. Motero kabokosi kolankhula kanali ndi ntchito yoposa kusangalatsa. Kudzera m'mauthenga achisoni munthu ankamva kuti kumudzi kwagwa maliro, nanyamuka usiku womwewo kukadikira galimoto pamsewu. Kudzera m'mapulogalamu a moni ankamva dzina la mudzi wa kwawo likutchulidwa, mtima nkukhala pansi. Kwa mlimi wosaona, amene sakanatha kuwerenga chikwangwani cha pa msika kapena pepala la mlangizi, wailesi inali nyuzipepala, inali kalendala, inalinso wotchi.

Mmene mawu amayendera

Munthu akaomba ng'oma, chikopa chake chimanjenjemera ndi kukankha mpweya umene uli pafupi; mpweyawo umakankha unzake, mpaka kunjenjemerako kumafika m'khutu la womvera. Liwu limayenda chotero ngati timafunde timene timabalalika mwala ukagwa m'dziwe. Liwiro lake mu mpweya ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi, ndipo likamapita patali limafooka mpaka kuzimirira. Nchifukwa chake ng'oma ya gule imamveka m'midzi yoyandikana yokha.

Kuwala kumathamanga koposa liwu kutalitali. Aliyense anaonapo mphezi ikung'anima ku mapiri, bingu nkudzamveka pambuyo pake. Munthu akawerenga masekondi kuchokera pa kung'anima kufikira pa kugunda, masekondi atatu aliwonse amaimira mtunda wa kilomita imodzi. Tsono mafunde a wailesi ndi a mtundu umodzi ndi kuwala, kungoti maso sangathe kuwaona. Amayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo safuna mpweya kapena chingwe chowanyamula. Katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz, ndiye anasonyeza poyera kuti mafundewa alipo, m'zaka za 1887 ndi 1888, ndipo m'mwezi wa December 1901 Guglielmo Marconi wa ku Italy anatumiza chizindikiro kuchokera ku England nkukachilandira kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ku Newfoundland.

Ntchito ya nyumba youlutsira mawu ndi kukweza liwu la munthu pa msana pa mafunde othamangawa. Muulutsi akalankhula, maikolofoni imasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala kunjenjemera kwa mphamvu ya magetsi. Makina oulutsira amasindikiza kunjenjemerako pa mafunde a wailesi, ndipo mlongoti umawamwaza ponseponse. Eriyo ya wailesi ya mlimi imatola kachigawo kochepetsetsa ka mafundewo. Makina a m'kati amasankha siteshoni imodzi pakati pa zambiri, amatsitsa liwu lija pa msana pa mafunde, amalikulitsa ndi mphamvu ya mabatire, ndipo sipika imagwedezanso mpweya monga momwe pakamwa pa muulutsi panaugwedezera. Mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Salima mafundewa amautha pa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pamene liwu wamba pa nthawi yomweyo silingayende ngakhale phazi limodzi lopondera.

Chifukwa chake usiku umabweretsa masiteshoni akutali

Achikulire a ku Chinguluwe amakumbukira kuti pa wailesi zakale panali mizere yolembedwa kuti medium wave ndi short wave, ndipo kuti usiku munthu akamapotokola kagudumu ankakumana ndi zilankhulo za maiko akutali zimene masana sizinkamveka. Chinsinsi chake chili kumwamba. Kuyambira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kukwera mpaka makilomita mazana angapo, pali chigawo cha mpweya wopepuka chimene dzuwa limachidzaza ndi mphamvu ya magetsi. Akatswiri amachitcha ionosphere. Chigawochi chimabweza mafunde ena a wailesi kuti atsikirenso pansi, monga momwe galasi limabwezera kuwala, ndipo mafunde a short wave amatha kudumphadumpha pakati pa thambo ndi nthaka mpaka kuwoloka nyanja zikuluzikulu. Masana, mbali yam'munsi ya chigawochi imameza mafunde a medium wave asanafike pobwerera. Dzuwa likalowa mbali yomezayo imazimirira, njira nkutseguka.

Wailesi za masiku ano zambiri zimamvedwa pa FM, njira imene Edwin Armstrong wa ku America anaitulukira m'chaka cha 1933. Manambala ake amayambira pa 87.5 kulekezera pa 108, ndipo siteshoni imene ili pa 100 mafunde ake amanjenjemera ka 100 miliyoni pa sekondi imodzi. Mafunde otere sabwerera kuchokera kumwamba. Amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo phiri limawatchinga. Dera la Salima lili m'chigwa, pansi pa mapiri amene amalilekanitsa ndi chidikha cha Lilongwe, kotero siteshoni imamveka bwino pokhapokha itakhala ndi mlongoti pamalo okwera owonekera ku chigwacho. Ichi ndicho chifukwa chake munthu amati akasuntha wailesi kuchoka m'chipinda kupita pa zenera, kapena akamangirira waya ku nsungwi yaitali, mawu amayera.

FM ili ndi ubwino wakuti sithetheka mvula ikamagunda. Pa medium wave ndi short wave liwu limanyamulidwa mu kukula ndi kuchepa kwa mphamvu ya mafunde, ndipo mphezi iliyonse, pokhala nayonso imatulutsa mafunde, imalowerera ngati phokoso la chimanga chokazinga. Alimi ankati akamva kuthethekako m'mwezi wa October kapena November ankadziwa kuti kwinakwake mitambo yayamba kugunda, ngakhale kumwamba kwa mudzi wawo kuli mbee. Chinali chizindikiro choona, koma chinkangonena kuti nyengo ikusintha. Sichinkalonjeza kuti mvula yobzalira yafika. Wothamangira kubzala ndi chizimalupsa ankataya mbewu.

Kuchokera pa sefuliya kufika pa mabatire a tochi

Wailesi inafika m'midzi ya dziko lino kudzera ku Lusaka. Kumeneko boma la atsamunda linayamba kuulutsa mawu m'chaka cha 1941, ndipo nkhondo yachiwiri itatha nyumbayo inakula nkukhala Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Woimba wotchuka Alick Nkhata anali mmodzi mwa antchito ake. Vuto linali lakuti wailesi zinali zodula ndipo zinkafuna magetsi. Mkulu woona zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo, ndipo m'chaka cha 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, chifukwa chigoba chake chinali ngati sefuliya. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake lalikulu masheleni 25, ndipo mabowo ake anatchingidwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowemo.

M'kati mwa wailesi imeneyo munali timababu totchedwa mavalavu, timene tinkayenera kutentha kuti tigwire ntchito, motero tinkadya mphamvu yambiri. Chimene chinasintha zonse ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa transistor, kamene kanatulukiridwa ku America m'chaka cha 1947. Kameneka kamagwira ntchito ya valavu popanda kutentha, ndipo pofika 1954 wailesi zoyendera kachipangizoka zinayamba kugulitsidwa. Pamene Malawi Broadcasting Corporation inkakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, wailesi inali itayamba kale kupepuka, ndipo patapita nthawi kampani ya Nzeru ku Blantyre inkalumikiza wailesi zimene mlimi ankatha kugula atagulitsa thonje, nkumapita nayo kumunda itapachikidwa pa njinga.

Chakudya cha wailesi yotere chinali mabatire a tochi. Batire limodzi limapereka mavoti 1.5. Chigoba chake ndi chitsulo cha zinki, pakati pali kandodo ka makala, ndipo pakati pa ziwirizi pali phala lakuda la mankhwala. Mphamvu imatuluka pamene mankhwalawo akudya zinki pang'onopang'ono. Anthu ambiri amayanika mabatire ofooka padzuwa, ndipo madzulo wailesi imalankhuladi kwa kanthawi. Dzuwalo silinathiremo mphamvu yatsopano ayi. Kutentha kwangofulumizitsa mankhwala otsalira kuti agwire ntchito, monga momwe kukoleza kumayatsira zikuni zimene zatsala pang'ono kutha. Batire lotheratu liyenera kuchotsedwa msanga, chifukwa limadontha madzi owononga makina, ndipo lisatayidwe pamoto kapena pamene ana angalitole ndi kuliswa.

Sukulu ya pansi pa mtengo

Thonje ndi mbewu yosalola ulesi kapena kungoganizira. Mbozi zimene zimaboola zipatso zake zimayamba ngati timazira tating'onoting'ono pa masamba, ndipo mlimi amene wachedwa kuziona amakolola thonje lochepa ndi lothimbirira, limene pa msika limagwera m'giredi yotsika. Akatswiri a ku Makoka, kufupi ndi Zomba, anaphunzitsa kuti mlimi aziyendera munda wake sabata ndi sabata, kuwerenga mazira ndi mbozi, ndi kusankha mankhwala molingana ndi chimene wapeza. M'zaka za m'ma 1970 kunabweranso kampope kogwirira m'manja, kokhala ndi kambale kozungulira ndi mphamvu ya mabatire a tochi, kamene kankamwaza mankhwala ndi madzi ochepa kusiyana ndi mpope wobereka kumsana. Mabatire akafooka kambaleko kamazungulira mochedwa, madontho amakula ndipo sakwanira bwino pa masamba. Koma mabatire omwewo amakhala akadali okwanira kulankhulitsa wailesi, imene imadya mphamvu yochepa. Motero m'nyumba yanzeru mabatire atsopano ankayambira kumunda, nkudzathera pa khonde.

Uphungu wonsewu unkafunika kufika kwa alimi ambiri pa nthawi yake, ndipo alangizi anali ochepa. Unduna wa za malimidwe unkakonza mapulogalamu a alimi pa wailesi, unkasindikiza magazini ya Za Achikumbi, ndipo unkatumiza m'midzi magalimoto achikasu amene ankaonetsa kanema usiku ndi masewero a zidole masana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kunalinso magulu omvera wailesi: alimi ankasonkhana pamalo amodzi pa ola la pulogalamu, nkumvetsera limodzi, ndipo wailesi ikatsekedwa ankakambirana ndi mlangizi zimene amva.

Kukambiranako ndiko kunali mtima wa ntchito yonse. Wailesi imalankhula kamodzi ndipo sibwereza, siidziwa ngati dothi la munda wa womvera ndi lamakande kapena lamchenga, singafunsidwe funso. Pagulu, amene anamva bwino mlingo wa mankhwala ankakonza mnzake amene anamva molakwa, ndipo nkhalamba yodziwa nthaka ya m'deralo inkanena pamene uphunguwo sukugwirizana ndi malo. Palinso malangizo ena amene sagwira ntchito munthu akawatsata yekha. Lamulo lozula ndi kutentha mitengo ya thonje kukolola kukatha cholinga chake ndi kumana mbozi chakudya kufikira dzinja lotsatira. Munthu mmodzi akasiya thonje lake chiimire, mbozi zimabisala m'menemo nkudzagwera minda ya mudzi wonse. Mutu umodzi susenza denga.

Uphungu nawonso umasintha pamene akatswiri aphunzira zatsopano. Kwa zaka zambiri mlimi ankaphunzitsidwa kuunga mizere chaka ndi chaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, Chinguluwe anakhala amodzi mwa malo amene mabungwe a Total LandCare ndi CIMMYT ankayeserako ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi ndi kubzala popanda kugalauza. Njira yoyesera inali yosavuta kuimvetsa: m'munda wa mlimi mwini, chigawo china chinkalimidwa mwa kale ndipo china mwa tsopano, moyandikana, kuti aliyense wodutsa adziwonere yekha ndi kuyeza zokolola. Khutu linkayamba, koma diso ndi sikelo ndizo zinkagamula.

Kuseka ndi kuvina

Wailesi ikanakhala ya maphunziro okhaokha anthu sakanawononga ndalama zawo pa mabatire. Chimene chinkawakoka ndi chisangalalo. M'mamawa pulogalamu ya Tadzuka Sitidziwa Anzathu inkadzutsa mudzi. Sewero la Kapalepale linkasonkhanitsa ana ndi akulu pa khonde la mwini wailesi, ndipo mawa lake nkhani ya pa mjigo inali ya zimene zinachitika m'seweromo. Nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba, Allan Namoko ndi Robert Fumulani zinafika m'midzi imene oimbawo sanapondemo. Pamene timu ya dziko lino inapambana chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa m'zaka za 1978 ndi 1979, anthu ambiri amene anakondwera anali asanaonepo bwalo lalikulu la mpira. Masewero onse anawaona ndi makutu, kudzera pakamwa pa muulutsi.

Sewero lili ndi mphamvu imene phunziro louma lilibe. Munthu sakonda kudzudzulidwa pamaso, koma amaseka mosavuta bambo wa m'sewero amene wamwera mowa ndalama zonse za thonje, ndipo pobwerera kunyumba amadzifunsa yekha. Olemba masewero anaidziwa nzeru imeneyi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 masewero a Tikuferanji ndi Zimachitika anaigwiritsa ntchito pokamba za Edzi ndi za m'banja, nkhani zimene makolo ankachita nazo manyazi kuzitchula pamaso pa ana.

Kuchokera pa liwu limodzi kufika pa mawu ambiri

Kwa zaka makumi atatu chilandirire ufulu, dziko lino linali ndi nyumba imodzi yokha youlutsira mawu, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi nyumbayo inkanena zokhazo zimene boma lalola. Kuyambira 1968 inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi. Pamene maepiskopi a mpingo wa Katolika anatulutsa kalata yawo m'mwezi wa March 1992, anthu ofuna kumva mbali ina ya nkhani anatembenukira ku short wave, kutchera BBC ya ku London ndi wailesi ya ku South Africa imene inkaulutsa m'Chinyanja, motsitsa mawu ndiponso zitseko zili zotseka. Mafunde obwerera kuchokera kumwamba aja analibe malire a dziko.

Itatha riferendamu ya June 1993 ndi chisankho cha May 1994, zinthu zinasintha. MBC inatsegula wailesi yachiwiri mu 1997, lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso kwa oulutsa mawu, wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo Zodiak inayamba mu 2005. M'mphepete mwa nyanja munabadwa wailesi za m'madera, monga Dzimwe m'boma la Mangochi ndi wailesi ya Nkhotakota, zimene zimakamba za msika, za chipatala ndi za nsomba za kumaloko. Womvera anapeza ufulu wosankha, ndipo pamodzi ndi ufuluwo anasenza ntchito yoyeza yekha zimene wamva.

Foni ndi dzuwa

Lero kabokosi kolankhula kalowa m'thumba. Mafoni a m'manja anayamba m'dziko lino ndi kampani ya TNM m'chaka cha 1995, ndipo Celtel, imene pambuyo pake inakhala Zain kenaka Airtel, inatsatira mu 1999. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti nyumba zoposa theka pang'ono zinali ndi foni ya m'manja, pamene nyumba imodzi mwa zitatu ndiyo inali ndi wailesi. Izi sizikutanthauza kuti wailesi yafa. Foni nayonso ndi wailesi yaing'ono imene imalandira ndi kutumiza mafunde ku mlongoti wapafupi, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi FM m'kati. Amene amadabwa kuti FM ya pa foni imakana kulankhula popanda timawaya ta m'makutu adziwe kuti wayayo ndiyo ikugwira ntchito ya eriyo. Chachikulu chimene foni yabweretsa ndi chakuti womvera tsopano amayankha: amaimba ku situdiyo, amafunsa katswiri, amadandaula za mtengo wa thonje dziko lonse likumva.

Mphamvu yoyendetsera zonsezi yasinthanso. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi a ESCOM. Kale anthu ankakweza batire la galimoto pa njinga kukalitchajitsa kumene kuli magetsi; masiku ano pa madenga ambiri pali kagalasi ka sola. M'kagalasimo muli timapale topyapyala ta silikoni, chinthu chochokera ku mchenga, ndipo kuwala kukagwa pa timapaleto kumasuntha mphamvu ya magetsi imene imatsikira m'waya kukasungidwa m'batire. Chimene chimagwira ntchito ndi kuwala osati kutentha. Kagalasi kotentha kwambiri kamapereka mphamvu yocheperapo, ndipo fumbi la chilimwe likakuta pamwamba pake liyenera kupukutidwa. Dzuwa lomwelo limene limayanika thonje ndi usipa ndilo linakopa kampani ya JCM kumanga malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ku Nanjoka m'boma la Salima, amene anatsegulidwa mu 2021 ndipo amatha kupereka mamegawati 60. Pa misika ing'onoing'ono sola yabala ntchito zatsopano: kutchaja mafoni, kumeta tsitsi, kuika nyimbo m'timakadi, ndi kuonetsa mafilimu akunja amene anyamata amawamasulira m'Chichewa mwa nthabwala zawo.

Kuyeza chimene chamveka

Mafunde amanyamula choona ndi chonama pa liwiro limodzi. Chenjezo la nthambi yoona za nyengo lonena za mphepo ya mwera, imene imawinduka pa nyanja m'miyezi yozizira, lapulumutsa asodzi amene analimvera nakokera mabwato awo kumtunda. Pamene mbozi yachilendo yowononga chimanga inalowa m'dziko lino m'nyengo ya 2016 ndi 2017, alimi ambiri anayamba kumva za iyo pa wailesi asanaione m'minda yawo. Koma m'chaka chomwecho cha 2017 mphekesera ya anamapopa inafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pakamwa ndi pa mafoni, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Uthenga wa pa foni umafika wopanda dzina la mwini wake, wopanda tsiku, ndipo kawirikawiri umapeza munthu ali yekha, popanda mnzake womufunsa kuti, kodi zimenezi wazimva kwa yani?

Apa ndi pamene nzeru ya magulu omvera aja ikufunikabe. Nkhani iliyonse yokhudza munda, thanzi kapena ndalama iyenera kufunsidwa mafunso atatu. Loyamba, wanena ndani, ndipo kodi angapezeke kuti ayankhe zikalakwika? Lachiwiri, zanenedwa liti, popeza uthenga wa chaka chatha umatha kuzungulira ngati wa lero? Lachitatu, zikunena za kuti, pakuti mvula yolosedwa ku chigwa cha Shire si mvula ya ku Salima? Wolonjeza mtengo wodabwitsa wa thonje, kapena wouza munthu kuti wapambana mphotho koma ayambe watumiza ndalama pa foni, amagwa pa funso loyamba lomwelo. Mbewu yatsopano kapena mankhwala atsopano ayambe ayesedwa pa kachigawo kochepa ka munda, mlangizi wa m'deralo ataonapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Sefuliya ya ku Lusaka inapita, wailesi ya Nzeru yasanduka chokumbukira, ndipo foni ya lero nayonso idzalowedwa m'malo ndi china. Pa makonde a ku Chinguluwe nkhani za madzulo zikatha, wina amatsitsa mawu a wailesi, mnzake amafunsa ngati mtengo umene watchulidwawo ndi wa giredi yoyamba kapena yachiwiri, ndipo wachitatu amalonjeza kuti mawa akafunsa kwa alangizi. Mafunde amakhala atamaliza ulendo wawo m'kuphethira kwa diso, koma mbewu sizilowa m'nthaka kufikira anthuwo atamvana.